Madzi Saiwala Khwawa: Mbiri ya Malo a M'mphepete mwa Mzinda wa Blantyre

Nkhani yathu ya mbiri lero ikunena za mzinda wa Blantyre, umene ambiri a ife timautcha Kabula. Koma sitiyima pakati pa tauni pamene pali mabanki ndi nyumba zosanja. Tipita kumalekezero kwake, kumene mseu wa phula umathera, kumene nyumba zimakwera phiri ndipo chimanga chimamera kuseri kwa mpanda. Funso lathu ndi ili: kodi malo amenewa adali a yani, nanga zidatani kuti minda isanduke makomboni, nkhalango n'kusanduka thengo la miyala?

Mzindawu udazunguliridwa ndi mapiri. Chakumpoto kuli Ndirande, kumwera kuli Soche, chakumadzulo kuli Michiru, ndipo chakum'mawa, kufupi ndi Limbe, kuli Mpingwe ndi Bangwe. M'mapiri amenewa mumachokera timitsinje monga Mudi, Naperi, Nasolo ndi Likhubula. Aliyense wofuna kumvetsa mbiri ya Blantyre ayambe wasunga m'mutu mapiri ndi mitsinje imeneyi, pakuti zonse zimene tikambe zidachitika pakati pake.

Azungu asadafike, dera lonseli lidali la midzi ndi minda. Eni nthaka akale adali Amang'anja, amene ankalima mapira, nyemba, maungu ndi thonje, ndiponso ankasula makasu. Cha m'ma 1860 kudabwera Ayao kuchokera kum'mawa, ndipo mafumu awo, monga Kapeni, Machinjiri ndi Somba, adakhazikika kuno. Maina amenewa akadalipo mpaka lero. Masiku amenewo adali a nkhondo ndi malonda a akapolo, kotero kuti anthu ankamanga midzi kufupi ndi mapiri kuti adani akabwera athawire m'matanthwe. Ngakhale m'chaka cha 1884, pamene Angoni a Maseko adawoloka Shire ndi kudzathira nkhondo dera lino, ambiri adapulumukira m'mapiri momwemo. Mwa mwambo wa nthawi imeneyo, mfumu inkagawa malo olima, koma nthaka sinkagulitsidwa. Munda unkakhala wa mbumba imene ikuulima, pamene dambo, nkhalango, manda ndi chitsime zidali za mudzi wonse.

Mu Okutobala 1876 amishoni a mpingo wa Church of Scotland adafika pa malo amene Henry Henderson adasankha mothandizidwa ndi Tom Bokwito, m'dziko la Mfumu Kapeni. Adapatcha Blantyre pokumbukira mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone adabadwira. Patangopita zaka ziwiri, mu 1878, wosamalira munda wa mishoni, Jonathan Duncan, adabwera ndi mbande za khofi kuchokera ku Edinburgh. Mbande imodzi yokha ndiyo idapirira ulendowo n'kumera, koma idabala, ndipo mbewu zake zidadzaza zitunda za dera lino. M'chaka chomwecho kudabwera kampani ya African Lakes, yotsogozedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Anthu adamutcha John dzina loti Mandala chifukwa cha magalasi ake a m'maso, ndipo dzinali lidamatirira pa malo onse a kampaniyo. Nyumba imene adamanga mu 1882 ikadaimabe pa Mandala pomwepo.

Khofi atayamba kupindulitsa, nthaka idasanduka chuma chogulitsa. John Buchanan, amene poyamba adali wosamalira munda pa mishoni, adachoka kumeneko mu 1881 ndipo pamodzi ndi abale ake adatsegula minda ku Zomba ndi ku Michiru. Wamalonda wina, Eugene Sharrer, adatenganso malo aakulu kwambiri. Malo amenewa ankagulidwa ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, ndipo mafumu ankalemba mtanda pa mapepala amene sankatha kuwawerenga. Kwa mfumu, kumeneko kudali kulola mlendo kuti alime, monga mwa mwambo wathu. Kwa mlendoyo, kudali kugula kotheratu.

Boma la Britain litalanda dziko lino mu 1891, Bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, adaunika mapepala amenewa ndi kupereka zikalata zotsimikizira umwini, zotchedwa Certificates of Claim. Mtengo umene iye adauyesa wokwanira sudapitirire tiki, ndiye kuti makobiri atatu, pa ekala imodzi, ngakhale pa nthaka yabwino koposa. Potero Sharrer adatsala ndi maekala oposa 360,000 ndipo a Buchanan maekala oposa 160,000 m'madera osiyanasiyana a chigawo cha kumwera. Pambuyo pake malo a Sharrer adapita ku kampani ya British Central Africa mu 1902, ndipo a Buchanan adapita ku kampani ya Blantyre and East Africa. M'zikalata zambiri mudali mawu onena kuti midzi ndi minda imene idalipo kale isasokonezedwe. Koma palibe amene adayeza malire a midziyo, kapena kulemba maina a eni ake. Ndipo popeza makolo athu ankasamutsa munda nthaka ikaguga, banja likangosuntha pang'ono linkapezeka kuti lili pa malo a mwini esiteti.

Apa ndi pamene mawu akuti thangata adasinthira tanthauzo. Kale thangata lidali kuthandizana kulima pakati pa abale ndi anansi. Tsopano lidasanduka ntchito yolipirira malo okhala: mwezi umodzi wa lendi, mwezi wina wa msonkho, ndipo nthawi zambiri miyeziyo inkatalikitsidwa mwadala, m'nyengo ya dzinja imene munthu amafunika m'munda mwake. Alomwe amene adayamba kulowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndiwo adasenza goli limeneli koposa, chifukwa adalibe poti n'kunena kuti apa m'pathu. Khofi adafika pachimake cha m'ma 1900, kenaka adagwa chifukwa cha chilala, tizilombo ndi kutsika kwa mtengo pa msika wa kunja, kumene khofi wa ku Brazil adachuluka. Eni maesiteti adayesa thonje, adayesa fodya. Mbali yaikulu ya malo awo idangokhala yosalimidwa, koma munthu wakuda sakadatha kumangapo popanda chilolezo. Lamulo la 1928 lidafika popatsa eni malo mphamvu yochotsa gawo la anthu okhala pa esiteti pakapita zaka zisanu zilizonse.

Tsono tauni inkakula pakati pa maesiteti amenewa. Khonsolo ya Blantyre idayamba m'zaka za m'ma 1890. Njanji idafika mu 1908, ndipo chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco idatsegula fakitale yake ku Limbe, mtunda wa mailosi asanu kuchokera ku Blantyre. Panali tsopano matauni awiri, aliyense ndi khonsolo yake, ndipo pakati pake padali tchire, minda ndi mitengo ya bulugama. Dzina loti Ginnery Corner likutikumbutsa kuti pamene lero pali chipatala chachikulu ndi masukulu a ukachenjede padali makina otokosa thonje.

Makhonsolo awiriwa adali a Azungu, ndipo adakonza tauni mowakomera iwo. Azungu adatenga zitunda zopita mphepo, monga Sunnyside, Mandala ndi Nyambadwe, nyumba iliyonse ndi bwalo lake lalikulu la kapinga ndi maluwa. Amwenye adapatsidwa dera la masitolo. Munthu wakuda ankafunika masana, kudzagwira ntchito, koma usiku malo ake sadali m'tauni, kupatula antchito a m'nyumba amene ankagona m'tinyumba ta kuseri. Choncho akalaliki, amisiri, onyamula katundu ndi ogwira ntchito m'fakitale ankachokera m'midzi ya kunja kwa malire, kuyenda pansi mailosi angapo m'mamawa ndi madzulo. Mudzi woterowo wodziwika kwambiri udali m'tsinde mwa phiri la Ndirande. Kumeneko khonsolo sinkalamulira, kotero sinkakonzanso miseu, mipopi kapena ngalande. Anthu ankamanga pomwe mfumu yawalozera, ndipo malo athyathyathya atatha adayamba kukwera m'phiri ndi kutsikira m'mbali mwa mtsinje.

Omvera, apa ndi pamene pagona nkhani. Kumanga m'mapiri ndi m'makhwawa sikudayambe dzana. Kudayamba pamene nthaka yabwino ya pafupi ndi ntchito idatsekeredwa m'zikalata za makampani, wantchito n'kutsala ndi malo amene wina aliyense sadawafune.

Komabe midzi ya m'mphepeteyi idali ndi ubwino wake. Bambo akapita ku ntchito, mayi ankalima munda ndi dimba, kufulula mowa, kugulitsa ufa, nkhuni ndi ndiwo zamasamba m'tauni. Malipiro a masiku amenewo adali ochepa kwambiri moti banja silikadakhala ndi moyo popanda munda, ndipo tinganene kuti khasu la amayi ndilo linkadyetsa antchito a makampani. Kufooka kwa moyo wotere kudaonekera mu 1949. Mvula itadula kumapeto kwa 1948, boma la Blantyre lidakanthidwa ndi njala yoopsa, ndipo zidadziwika kuti anthu achulukana pa nthaka yochepa ndi yoguga, pamene maekala zikwizikwi a makampani adali gone.

Boma la atsamunda lidali litayamba kale kuona vutoli. Mu 1946 lidaitana Sir Sidney Abrahams kuti afufuze nkhani ya malo, ndipo iye adalangiza kuti Boma ligule malo a maesiteti amene sankalimidwa kapena amene padali midzi yambiri. Kugulako kudayamba pang'onopang'ono kuyambira cha m'ma 1948, ndipo thangata lidathetsedwa ndi lamulo mu 1962. M'zaka za m'ma 1950 Boma lidayamba kumanga nyumba za antchito akuda m'dera la Soche. Blantyre ndi Limbe adaphatikizidwa mu 1956, chipatala cha Queen Elizabeth chidatsegulidwa mu 1958, ndipo malo a pakati pa matauni awiriwa, pa Chichiri, adasanduka mtima wa mzinda watsopano. Pa bwalo lamasewero la pamenepo, limene lero tikulitcha Kamuzu Stadium, ndi pamene mbendera ya Britain idatsitsidwa ndipo ya Malaŵi idakwezedwa pa 6 Julayi 1964.

Ufulu utabwera, bungwe la Malawi Housing Corporation, limene lidakhazikitsidwa mu 1964, lidapitiriza kumanga nyumba za lendi m'madera monga Chitawira, Nkolokosa, Kanjedza ndi Chinyonga. Lidagawanso mapuloti m'madera amene munthu ankaloledwa kudzimangira yekha nyumba ya njerwa zosaotcha, monga Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe ndi South Lunzu. Maganizo ake adali abwino: puloti yoyezedwa, mseu wodutsa, mpopi wa pamodzi ndi chimbudzi chokumba. Koma anthu ankafika mofulumira kuposa mapulotiwo. Kalembera wa 1966 adapeza anthu 109,461 mumzindawu. Mu 1977 adali 219,011, mu 1987 adali 333,120, mu 1998 adali 502,053, ndipo mu 2018 adakwana 800,264. Amene sadapeze puloti adapita kwa mafumu a m'midzi imene mzinda udaimeza, n'kugula kachigawo ka munda. Umu ndi mmene Mbayani, Chilobwe, Manje ndi madera ena otere adadzazira, munda uliwonse n'kubala nyumba khumi. Lero anthu oposa theka a mumzindawu amakhala m'malo amene sadayezedwe ndi akatswiri okonza mizinda.

Titembenukire tsopano ku malo obiriwira, ndipo tifunse kuti adasungidwa ndi yani, chifukwa chiyani. Oyamba adali mabwalo a makalabu. Blantyre Sports Club idayamba mu 1896, ndipo bwalo lake la gofu lili m'mbali mwa Mudi. Limbe idakhalanso ndi kalabu yake. Kwa zaka zambiri munthu wakuda ankalowa m'malo amenewa ngati wotchetcha kapinga kapena wonyamula zibonga za gofu basi. Achiwiri adali mapiri. M'zaka za m'ma 1920 Boma lidalengeza kuti Ndirande, Soche ndi malo ena ndi nkhalango zotetezedwa. Cholinga chidali madzi ndi matabwa. Madzi a tauni ankachokera ku Ndirande, kudzera m'damu la Hynde ndipo pambuyo pake damu la Mudi, limene lidamangidwa m'zaka za m'ma 1950, mpaka pamene mipopi yochokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire idayamba kugwira ntchito cha m'ma 1963. M'phiri la Ndirande adadzalamo mitengo ya paini yambirimbiri, ndipo akuluakulu amene adakulira kumeneko akukumbukira phiri lakuda bii ndi mitengo, lokutidwa ndi nkhungu m'mamawa. Michiru lidatetezedwa mochedwerapo, m'zaka za m'ma 1970, ndipo lidasanduka malo ophunzirirako ana a sukulu za mbalame, nyama ndi mitengo yachilengedwe.

Nkhalango zimenezi zidali zokongola ndi zothandiza, koma zidali ndi chilema chimodzi kuyambira pachiyambi. Anthu okhala m'tsinde mwake sadafunsidwe pozikhazikitsa, ndipo ankazidziwa kudzera mwa mlonda wolanda nkhwangwa ndi chindapusa cha mtolo wa nkhuni. Phiri limene kale lidali la mudzi lidasanduka la Boma. Kuyambira mu 1976 dziko lino lidakhala ndi tsiku lodzala mitengo, pa 21 Januwale, ndipo ana a sukulu adadzala mbande zosawerengeka. Mu 1986 padayambanso ntchito yodzala mitengo ya nkhuni za mzindawu ndi thandizo la dziko la Norway. Koma chimene chinkasunga mitengo kwenikweni adali mantha. Mantha aja atatha pa kusintha kwa ndale kwa 1992 mpaka 1994, nkhalango ya Ndirande idagwetsedwa m'zaka zowerengeka chabe. Ena adatema pofuna matabwa ogulitsa, ena nkhuni zootchera njerwa, ena malo olima. Soche, Bangwe ndi Mpingwe adatsatira, ndipo m'zaka zino za m'ma 2020 nkhwangwa ndi uvuni wa makala zalowa mkati mwa Michiru. Sitinganene kuti onse amene adatema adali osaganiza. Mayi wa ana asanu wopanda magetsi ayenera kuphika madzulo ano, ndipo mabanja ambiri a mumzinda, ngakhale a m'nyumba zabwino, amaphikira makala. Thumba lililonse la makala lolowa m'tauni pa njinga lili ndi wogula wake.

Malo achitatu ndi mapaki ndi mabwalo a anthu onse. Lalikulu ndi Njamba, limene pa nthawi ina linkatchedwa Kwacha Park. Pamenepo ndi pamene Papa John Paul II adachitira Misa mu Meyi 1989, ndipo pachitikira misonkhano yambiri ya ndale ndi ya mapemphero. Kupatula malo otchuka otere, mapulani a makomboni ankasiya timabwalo ta ana, malo a m'mbali mwa mitsinje ndi madambo. Malo amenewa ndiwo amatha mwakachetechete. Chaka chino wina alimapo chimanga, chaka chamawa aumbapo njerwa, chaka chinacho pali maziko ndi mpanda. Ana amene ankasewera mpira wachikulunga pamenepo amasamukira mumseu. Mudi, amene adamwetsa tauni yoyamba, amadutsa m'dera la mafakitale atanyamula zonyansa ndi mapepala a pulasitiki.

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Phiri likakhala ndi mitengo, masamba amachepetsa mphamvu ya mvula, zinyalala za pansi zimamwa madzi ngati chinkhupule, ndipo mizu imagwira dothi kuti lisasiyane ndi thanthwe. Likakhala lambulanda, madzi amathamanga pamwamba, dothi limakhuta n'kulemera, kenaka limatsetsereka pamodzi ndi miyala kutsata njira yakale ya mtsinje, osafunsa kuti pamenepo pamangidwa nyumba. Chenjezo lidabwera mu Januwale 2015, pamene madzi osefukira adagumula nyumba ndi kupha anthu m'madera a m'tsinde mwa Soche. Mu Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy adagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, ndipo matope ndi matanthwe zidatsika m'phiri la Soche kukwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manje. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Mvula yotere ikadawononga ngakhale mitengo ikadalipo, koma chiwerengero cha maliro chidakula chifukwa cha malo amene anthu adamangapo, ndipo taona kale chimene chidawafikitsa pamenepo.

Nanga mbiri imeneyi ikutiphunzitsa chiyani? Choyamba, kuthamangitsa anthu m'phiri popanda kuwapatsa malo ena kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Kuyambira masiku a atsamunda, wosauka wa mumzinda uno wakhala akumanga pa malo otsala, ndipo adzapitiriza kutero mpaka padzapezeke mapuloti oyezedwa, a mtengo woti angaukwanitse, pa mtunda woti angafike ku ntchito. Chachiwiri, nkhalango yosungidwa ndi mlonda yekha imatha tsiku limene mlondayo wafooka. Imene ingakhalitse ndi imene anthu a m'tsinde mwake ali ndi mawu pa kasamalidwe kake ndiponso amapindula nayo, kaya ndi nkhuni zogawidwa mwa dongosolo, uchi, udzu wofolera kapena madzi a pa kasupe. Chachitatu, malinga ngati mphika wa mumzinda ukudalira makala, mapiri onse ozungulira adzakhala pa ngozi, ndipo nkhani ya magetsi ndi gasi otsika mtengo ndi nkhani ya mitengo yomweyo.

Malire a mzinda sadaime. Lero akusunthira ku Chileka, ku Lunzu, ku Chigumula ndi ku Mpemba, kumene minda ya chimanga ikudulidwa mapuloti monga momwe zidachitikira ku Ndirande ndi ku Chilobwe zaka zapitazo. Kumeneko mwayi ukadalipo. Mfumu imene ikugawa malo, banja limene likugulitsa munda wa makolo, khonsolo imene ikuvomereza mapulani, onsewa angathe kusiya dambo likhale dambo, kusiya mtunda wokwanira pakati pa nyumba ndi mtsinje, ndi kupatula bwalo la ana njerwa yoyamba isadaikidwe. Malo otere akangomangidwapo sabwereranso, ndipo mtengo wowasungira lero ndi wochepa poyerekeza ndi umene anthu a m'tsinde mwa Soche adalipira mu 2023.